Mtsinje Umene Unkathamanga M'makutu Mwanga

Abusa, ndakupatsani moni. Akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu anyamata a kumbuyoko amene mwaweramira mafoni, moni nonse m'dzina la Ambuye. Dzutsani mitu. Sindiyankhula kawiri.

Ndikufuna kuchitira umboni.

Amene simundidziwa, ndine Zuze, wa kumtunda kwa msika, kumene galimoto sizifika. Mpingo uno ndinaulowa tikupempherabe m'kalasi ya sukulu, koma kutsogolo kuno sindinaimepo. Sindikonda zoyankhula pagulu. Lero ndaima chifukwa pakamwa panga panapotoka ndipo Mulungu wapawongola. Akanafuna kuti ndikhale chete, akanapasiya momwemo.

Ndinabadwira kumunsi, ku Nsanje, m'mbali mwa Shire. Ndinabwera m'tauni muno pa sitima ndili mnyamata woonda ngati bango, kabudula womanga ndi luzi. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi. Ndinayamba ndi kusenza matumba m'nyumba yosungiramo katundu ku Limbe, ndipo ndinapuma ntchito ndili kapitawo wa osenza onse. Palibe anandibereka pamsana. Mimba inabwera ndi ukapitawo. Inkayenda patsogolo panga, inkalowa m'nyumba ine ndikadali pakhomo. Kondakitala wa minibasi akandiona ankati bwana akhale kutsogolo. Ndikapita kumudzi, abale ankaiyang'ana n'kumati mwana wathu tauni yamulandira. Ndinkainyadira. Munthu amene anakula akudya nyika, timizu ta m'madzi tija timakumba kukagwa njala, simungamuuze kuti mimba ndi matenda.

Nditapuma ntchito, ndinayamba kumva Shire.

Kuno ku Bangwe, paphiri, kopanda mtsinje woti n'kuutchula. Ndikakhala pakhonde masana, malata akuthetheka ndi dzuwa, m'makutu munkayamba: wuu, wuu, wuu, ngati madzi akugunda pansi pa bwato. Ndinkatseka maso. Ndinkaona mabango akuwerama onse mbali imodzi. Ndinkaona akakowa oyera ataima pamisana ya ng'ombe, ndi utsi wa owamba nsomba ukukwawa pamadzi kutsidya. Nthawi zina ndinkaona bambo anga, malemu, ataima kumbuyo kwa bwato ndi nkhafi, akupita kumene sindinkaona. Ndinkati ndi kwathu kukundikumbuka. Sindinauze munthu. Zinali zanga, ndipo zinkandikoma.

Mutu unkalemera kunkhongo, ndinkati ndi dzuwa. Ludzu silinkatha, ndinkati Msena anazolowera madzi ambiri. Kutaya madzi pafupipafupi, ndinkati ndi ukalamba. Chilichonse ndinali ndi yankho lake.

Amene anandikokera kuchipatala ndi mayi a kunyumba, awo avala duku lobiriwirawo. Anaona kuti ndikatsegula Baibulo ndikungotembenuza masamba. Zilembo zinkasambira. Tinapita. Adokotala anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wathu Esinati. Anandimanga nsalu pamkono napopa. Anayang'ana, napopanso. Ananditenga magazi. Kenako anatulutsa tepi ngati ya atelala n'kuyeza mimba yanga. Ndinawafunsa ngati akufuna kundisokera thalauza. Sanaseke.

Anati magazi anga akuthamanga, matenda amene inu obadwira m'tauni mumati bipi. Anati shuga wakwera, m'magazi muli mafuta ambiri, ndipo mimba imene ndinkainyadirayo ndiyo ikuzidyetsa zonsezi. Anati zinthu zimenezi zimayenda limodzi, chimodzi chikalowa chimatsegulira zinzake chitseko. Mapeto ake mtima umatopa, impso zimafooka, maso amachita nkhungu, kapena mtsempha umatsekeka kapena kuphulika m'mutu, munthu n'kufa ziwalo. Anati choopsa chake n'chakuti ambiri sizimawapweteka, amangodzidzimuka agwa.

Pa zonsezo ine ndinatolapo liwu limodzi, kuthamanga. Ndinati, "Magazi a mwamuna azithamanga. Oima ndi a maliro."

Anandilembera mapilitsi.

Komabe ine ndine munthu wa lamulo. Ndinalamulapo anthu, ndimadziwanso kulamulidwa. Pilitsi m'mawa uliwonse. Mchere wa pambali pa mbale unachoka. Tiyi wopanda shuga, wowawa ngati mankhwala a malungo. Minibasi ndinaisiya, ndinkayenda wapansi kutsika mpaka ku Limbe ndi kukwera. Mimba inayamba kubwerera kumene inachokera. Ndinatenga msomali n'kuboola lamba, patapita nthawi ndinaboolanso. Jekete linayamba kulendewera ngati labwereka. Miyendo inapepuka. Zilembo za m'Baibulo zinaima m'malo mwake. Ndipo Shire anayamba kuphwa m'makutu, pang'onopang'ono ngati m'chilimwe, mpaka tsiku lina ndinakhala pakhonde, ndinatseka maso, ndinangomva nkhuku za aneba ndi wailesi ya pagolosale. Ndinamusowa. Ndikunena zoona, ndinamusowa.

Tsopano akuluakulu, kumbukirani zaka zija. Ana, funsani makolo anu. Maliro anali tsiku ndi tsiku. Akalipentala a m'mbali mwa msewu analeka kukhoma mipando, ankangokhoma mabokosi. Munthu akaonda, panalibe womufunsa kuti chavuta n'chiyani. Panali liwu limodzi lokha, lonenedwa ndi milomo yokha: zomwezi.

Lamlungu lina ndikutuluka pakhomo ilo, ndinamva kumbuyo kwanga.

"A Zuze nawonso? Ndi zomwezi."

"Komatu mkulu ameneyu ankaoneka wolongosoka."

"Mwina ndi mayiwo."

Sindinacheuke. Mawuwo eni ake ndikuwadziwa. Ali muno. Musagwetse nkhope, sinditchula munthu.

Ine ndinakwatira kamodzi. Mayi awo ndinawatenga kwathu akadali namwali, ndipo pakhomo pathu sipanalowepo mlandu. Pa sitima ija sindinabwere ndi sutikesi, ndinabwera ndi dzina. Ndi chokhacho chimene ndinkati ndidzasiyire ana. Ndipo dzinalo ndinalimva likutafunidwa pakhomo la tchalitchi.

Nditafika kunyumba ndinalamula kuti pasapezeke wouza munthu kuti ndimamwa mapilitsi. Masiku amenewo munthu womwa mapilitsi m'mawa uliwonse ankadziwika matenda ake asananene. Woima pamzere kuchipatala mwezi ndi mwezi, chimodzimodzi. Mapilitsi amene ndinali nawo atatha, sindinapitenso kukatenga ena.

Ndipo inu munatikonda. Apa ndiye povuta kunena. Munatikonda.

Amayi a mpingo anayamba kubwera Lachinayi kudzazonda wodwala. Beseni la mandasi. Nyama ya nkhumba yonona, mang'ina, buledi ndi majarini, mabotolo a zakumwa zotsekemera. Ankayala pakhonde, naimba nyimbo, nati abambowa adye thupi libwerere. Mayi a kunyumba ankadziwa zimene adokotala ananena, koma ine ndinali nditawatseka pakamwa. Ndiye anawaperekeza mpaka pampanda, nawagwira manja, nati, "Takhuta, amayi. Takhuta ndithu."

Ankanena Chichewa. Ankati mimba zadzaza, musabweretsenso. Koma inu mumadziwa kuti ndife Asena, ndipo kwathu takhuta ndiye zikomo. Amayi aja anawomba m'manja nati, "Koma Asena ulemu!" Lachinayi linalo beseni linakula.

Sekani. Ndakulolani apa pokha.

Ndinkadya. Ndinkadyera pakhonde pomwepo, kuti odutsa aone kuti Zuze ali ndi chilakolako cha chakudya ngati mnyamata. Ndinabwezera mchere wanga pambali. Ndinabwezera shuga mu tiyi, supuni ikuima. Mimba inamva kuitana, inabwera, ndi anzake. Lamba anabwerera pabowo lakale. Muno m'tchalitchi munalengeza kuti mapemphero ayankhidwa, a Zuze achira, ndipo munaimba. Ine ndinaima kumbuyoko nditamanga batani la jekete movutikira, ndikumva Shire akubwerera.

Anabwerera wa m'dzinja. Wodzaza, wofiira, wonyamula mitengo ndi madenga. Sankadikiranso kuti ndikhale pakhonde. Ankanditsatira kumsika, ankalowa nane m'tchalitchi, abusa akulalikira ine ndikuona milomo yokha, madzi akukokoma. Ndinkatseka maso n'kuona dimba lathu, mapira akugwedezeka, mayi anga akupirikitsa mbalame. Zinkandikomabe.

Mayi a kunyumba si olongolola. Tsiku lina akuchotsa mbale anangoti, "Bambo a Esinati, mukudzinenepetsera bokosi."

Ndinati, "Likalemera, onyamula adzadziwa kuti sizinali zomwezi."

Anatenga mbale zija nalowa m'nyumba. Sanabwerezenso.

Linali Loweruka masana, mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Ndinali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Kapu inachoka yokha m'dzanja lamanzere. Ndinaiona ikugwa pang'onopang'ono ngati tsamba, tiyi akutambasuka m'malere. Ndinafuna kuitana mayi a kunyumba, koma lilime linagona m'kamwa ngati nsomba yakufa.

Kenako madzi anakwera.

Shire anakwera phiri la Bangwe. Ndinamuona akubwera m'njira yathu, mosathamanga, akulowa pakhomo ndi pakhomo ngati mlendo waulemu. Anadzaza msika. Mabenchi a tomato ankayandama, milu yake osagumuka. Maminibasi ankayenda ngati mvuu, misana yokha ikuoneka. Phokoso lija la m'makutu linatha. Kunali zii, ndipo kunkawala ngati m'mawa wa kudimba nkhungu isanachoke. Sindinaope. Ndinamva fungo la matope a kwathu, ndipo ndinati, ndafika.

Bwato linaima pakhonde panga. Kumbuyo kwake kunali bambo anga ndi nkhafi, atavala nsalu yawo yakuda ija. Anali aang'ono kuposa ine. Tsitsi lakuda bii, mikono yolimba, ine mwana wawo ndili ndi imvi. Ndinakondwa ngati mwana wotengedwa kokavuula nsomba. Ndinaponda mwendo umodzi m'bwatomo. Bwato linapendekeka, madzi n'kuyamba kulowa. Bambo anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso awo n'kudzaima pamimba. Anayankhula Chisena, koma ndikumasulirani.

"Mwana amene ndinamukweza sitima anali wopepuka. Tsika. Undimiza."

Abusa, musandiyang'ane choncho. Sindikunena kuti akufa amayankhula. Ndikunena kuti Mulungu amadziwa mawu amene munthu wouma mutu angawamvere. Ine moyo wanga wonse sindinatsutsepo bambo anga.

Analoza ndi nkhafi kutsidya. Ndinaona gombe la munda wathu likugumuka, chibuma ndi chibuma, mopanda phokoso, mapira akugwera m'madzi ali chiimire, monga chaka chija mtsinje unatidyera munda ndili mwana. Madzi sankalimbana nalo gombelo. Ankangothamanga m'munsi mwake, kulidya pansi, pamwamba pakuoneka bwinobwino mpaka tsiku logwa. Pamenepo ndi pamene ndinamva mawu a adokotala aja koyamba. Ine wobadwira m'mbali mwa mtsinje, ndinaiwala bwanji chimene madzi othamanga amachita ndi gombe?

Bwato linkagwedezeka, linkagwedezeka. Ndinatsegula diso limodzi. Silinali bwato. Unali msana wa munthu. A Makwinja, neba wathu womanga nyumba, awo akhala pafupi ndi zenera, anali atandibereka, akutsika nane njira ya miyala ija kupita kumsewu kumene galimoto zimafika. Ine ndi mimba yanga yonse. Mayi a kunyumba ankathamanga pambali atagwira mwendo wanga umene unkakwekwereka. Ine amene ndanena kuti palibe anandiberekapo pamsana. Tsiku limenelo ndinaberekedwa.

Ndinatsitsimuka m'chipatala chachikulu. Anati ndi sitiroko. Mbali yamanzere inali ya munthu wina. Dzanja linagona pabedi ngati alendo aliiwala. Pakamwa panakokekera kukhutu, madzi ndikamwa ankatsikira pachibwano. Munthu amene ndinkaponya thumba la chimanga paphewa ndekha, supuni inandikanika. Mayi awo ankandisambitsa, ankanditembenuza, ankandipukuta dovu. Mayi omwewo amene munati mwina ndi iwo. Sanandikumbutse za bokosi ngakhale kamodzi.

A Makwinja ankabwera kudzandiona. Zimene ndinene apazi andilola okha, ndipo ambiri mukuzidziwa chifukwa sabisa. Iwo kachilombo ali nako. Anayezetsa kalekale, amamwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo mwawaona thupi lawo, akhoza kunyamula benchi limenelo ndi inu nonse mwakhalapo. Tsiku lina anakhala m'mbali mwa bedi, nandiyang'ana, nati:

"Madala, zomwezi zimene munkathawazo ndi ine ndili nazo, ndipo ndi ine ndakunyamulani. Mankhwala anga ndimamwera pakhonde, aliyense akuona. Inu mumaopa chiyani?"

Ndinatembenuzira nkhope kukhoma.

Mapemphero aatali sindiwadziwa. Ndinayang'ana kudenga la chipatala, ndinati mumtima, Ambuye, ndibwezereni pakamwa, ndikanene. Basi. Ndinalibwereza tsiku ndi tsiku, lomwelo.

Sanandibwezere tsiku limodzi. Anandibwezera monga madzi amachokera m'dimba, lero kansonga ka udzu, mawa kachulu. Chala chinagwedezeka. Ndinaphunzira kuima nditagwira khoma. Ndinaphunzira kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo, mayi ali kutsogolo atatambasula manja monga ankachitira ndi Esinati ali wakhanda. Anandipangira mpira wa nsanza woti ndizifinya. Liwu loyamba limene linatuluka lomveka linali dzina lawo, limene sindinawaitanepo nalo chikwatiranireni. Anatuluka panja. Atabwerera maso ali ofiira, anati kunali utsi.

Tsopano ndimamwa mapilitsi anga m'mawa uliwonse, ndipo ndidzamwa mpaka tsiku langa. Ndimamwera pakhonde. A Makwinja amatuluka ndi awo kuseri kwa mpanda, timakwezerana makapu a madzi, timameza. Mwezi ukatha ndimakaima pamzere kuchipatala, wondiona andione. Amapopa pamkono, amabaya chala, amayeza mimba ndi tepi ija. Ulendo wathawu adokotala aja anaseka. Anati tsopano akhoza kundisokera thalauza, nsalu siwonongeka yambiri. Ndimadya masamba, nyemba, nsomba yowamba, mtanda umodzi wa mgaiwa. Ndimakwera phiri ndi ndodo iyi dzuwa lisanawawe, ndimaima pamwamba, ndimaona Limbe yense ali m'nkhungu ngati chilumba.

M'makutu muli zii. Chaka chatha ndinakwera basi kupita kumudzi. Ndinakhala pagombe tsiku lonse. Mabango ankawerama, akakowa anali pomwepo, mnyamata wina ankapalasa bwato kutsidya. Ndinamumva Shire ndi makutu anga, ali kunja kwa ine, akuyenda ulendo wake. Amamveka bwino akakhala kunja. Bwato la bambo silinabwere, ndipo sindinalidikire.

Onani lamba uyu. Ndamuvula dala, thalauza ndamangira wina, musaope. Bowo ili ndi la ukapitawo. Ili ndi limene munati zomwezi. Ili ndi la lero, lopitirira pamenepo. Ndaonda kuposa tsiku limene munandinong'ona, ndipo sindinakhalepo wamoyo chonchi.

Abambo a mimba, ndikukuonani. Akulu a mpingo ena mabatani akulira. Amayi inunso musabisale m'zitenje. Pitani akakupopeni pamkono. Musati sindikumva kupweteka. Inenso sindinkamva kupweteka, ndinkamva kwathu. Mukapatsidwa mapilitsi, imwani, ndipo pempherani mukumeza. Amene anapatsa adokotala nzeru ndi yemweyo amene tamuimbira m'mawa uno.

Ndipo mukaona munthu waonda, mufikeni mumufunse. Ali ndi pakamwa. Zikakhala zomwezi, ndi m'bale wanu, mwina ndi amene adzakuberekeni tsiku lanu. Amene munanena aja ndinakukhululukirani ndili pabedi. Nkhani yatha. Koma mayi awo mukawapepese nokha, si ine amene ndingakhululuke m'malo mwawo.

Ndatsala ndi liwu limodzi, ndipo ndilinena kawiri. Mvetserani bwino, musasokonezenso.

Kwa Mulungu amene ananditsitsa m'bwato, kwa mayi a kunyumba, kwa a Makwinja, ndi kwa inu amayi a Lachinayi chifukwa cha mtima wanu, ndikunena m'Chisena: takhuta.

Kwa beseni lanu la mandasi, ndikunena m'Chichewa: takhuta.

Lachinayi bwerani ndithu. Bwerani ndi nyimbo. Mukaumirira kunyamula kanthu, nyamulani mpiru.

Tsopano kondwerani nane. Pakamwa anandibwezera ponse, mwamva nokha. Mwendo anandibwezera, ndafika kutsogolo kuno popanda wondigwira. Dzanja ili ndilo silinafike lonse, likadali m'njira, ndipo ndikati ndiwombe m'manja sizimveka. Ndiye imirirani. Anyamata a kumbuyoko, ikani mafoni m'thumba. Muwombereni Ambuye m'manja, anu ndi anga omwe.